Mbiri ya banja: kulemba zoona zokhazokha, kapena kuwonjezerapo zopeka?

Msuweni wanga wa ku Linga, kuno ku Nkhotakota, walemba kabuku kofotokoza za gogo wa agogo athu, amene anagwidwa ukapolo m'masiku a Jumbe, Mswahili wochita malonda a akapolo. Owerenga agawanika pawiri, ndipo mkangano wagona pa njira ziwiri zolembera mbiri ya banja.

Njira yoyamba ndi yolemba zotsimikizika zokha. Jumbe anakhazikika kuno cha m'ma 1840, akapolo ankawolotsedwa nyanja pa zombo n'kuyenda wapansi mpaka ku Kilwa, doko la ku Tanzania, ndipo David Livingstone anakumana ndi Jumbe patsinde pa mkuyu m'ma 1860. Zimenezi palibe angakutsutse. Koma za gogoyo zimangothera m'mizere itatu: dzina, mfunda, ndi chipsera cha chingwe m'khosi chimene azakhali anamva kwa amayi awo.

Msuweni anasankha njira yachiwiri. Anam'patsa gogoyo mawu. Tikumuona akusinja mpunga mumtondo usiku, thukuta lili kamukamu, akuimba m'chinenero chimene ana ake sanachidziwe. Aphunzitsi ena opuma akuti uku n'kunamizira akufa, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa adzukulu adzatenga zopekazo ngati zenizeni. Ine ndili kumbali ya msuweni, ngakhale ndili ndi dandaulo limodzi: sanaonetse pamene pathera zimene anamva kwa azakhali ndi pamene payambira za m'mutu mwake. Tsamba limodzi kumapeto likanakwanira.

Titawawerengera azakhaliwo ndime ya mpunga ija pakhonde, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwanawe, tabwerezanso pamenepo."