Mipeni itatu yobuntha ndi miuni itatu, patatha chaka ndikusewera nazo mumsewu

Ndakhala ndikudyera masewera oponya ndi kuwakha zinthu m'misewu kwa zaka 6. Mipira ndi zibonga zimaimitsa ana, koma akuluakulu amangoponya diso uku akupitirira. Ukasolola mpeni m'chikwama n'kuugunditsa ndi unzake kuti ngwee, ngakhale wothamangira basi amaima. Ndiye chaka chatha ndinaitanitsa mipeni itatu ndi miuni itatu kusitolo ina ya pa intaneti yogulitsa zida za masewera athuwa.

Mipeniyo ndiikonda, ndisaname. Chogwirira chake n'chamtengo, ndipo kumapeto kuli kamphira koti usapulumuke m'manja mukachita thukuta. Chitsulo chake n'chopindika ngati chikwanje ndipo amachisema m'mphepete kuti chiziwala ngati chonoledwa, koma n'chobuntha moti sichingadule ngakhale ulusi. Chachikulu n'chakuti kulemera kwake anakulinganiza kuti mpeni uzitembenuka mumlengalenga ngati chibonga, kotero amene anazolowera zibonga sayambira pachiyambi. Ine zinanditengera masiku 4 kuti manja avomere. Wina asakunamizeni kuti mungayambire ndi mipeni yakukhitchini. Iyo kulemera kwake kuli paliponse, ndipo tsiku lomwe mudzawakhe kolakwika ndi lomwelo lokasokedwa zala.

Kubuntha sikutanthauza kuti supweteka. Sabata yachiwiri wina unandiphonya n'kugwera pachala chachikulu chakuphazi, nditavala nsapato zansalu, ndipo chikhadabo chinada mpaka chinachoka chokha. Dandaulo langa lina ndi misomali yolumikiza chitsulo ndi chogwirira. Patatha miyezi 5 mpeni umodzi unayamba kugwedera, ukautembenuza n'kumamveka kuti khwekhwe. Ndinaumangitsa ndipo sunabwerezenso, komabe chinthu choponyedwa pafupi ndi nkhope za anthu sichiyenera kutero. Tsopano ndimaigwedeza yonse ndisanayambe.

Vuto lenileni linandipeza mipeni ili phee m'chikwama. Ndikupita kokasewera, wapolisi anandiimitsa pakhomo la siteshoni ya sitima pomwe ankasecha katundu wa aliyense. Atatsegula zipi, nkhope inasintha.

"Izi n'zachiyani, bambo?"

"N'zantchito, bwana. Sizicheka. Taonani."

Ndinatambasula dzanja kuti ndimuonetse, ndipo apa ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri. Anandiuza mwamphamvu kuti ndibwerere m'mbuyo, manja aziwaona. Ndinakhala muofesi mwawo pafupifupi maola awiri. Chinandipulumutsa ndi kanema wa pafoni wondionetsa ndikusewera pakati pa khamu, komanso mkulu wawo yemwe anayendetsa chala pachitsulocho n'kuseka. Mipeni anandibwezera, koma dzuwa linali litapendeka ndipo malo anga anali atatengedwa ndi woimba gitala.

Ine ndinkaganiza kuti mpeni wobuntha si mpeni pamaso pa lamulo. Si choncho paliponse. Ku England, gawo 139 la Criminal Justice Act ya 1988 limaletsa kukhala pagulu ndi chinthu cha mtundu wa mpeni kapena chosongoka, kupatula kampeni kopinda kosapitirira mainchesi 3. Mu 2005 khoti lalikulu la kumeneko linagamula kuti ngakhale mpeni wopakira batala, wopanda nsonga komanso wosathwa, ukulowa m'lamuloli. Lamulo lomwelo limalola munthu kudziteteza ponena kuti ndi chida cha ntchito, koma udindo wotsimikizira zimenezo ndi wa wogwidwayo. Apa ndi pomwe sitolo ija inandikhumudwitsa. M'bokosi munalibe ngakhale kapepala kofotokoza kuti izi ndi zida za masewera. Nditawalembera anayankha mwaulemu tsiku lomwelo, koma yankho lake linali loti malamulo a komwe ndili ndidzifufuzire ndekha. N'zoona, koma tsamba limodzi lokhala ndi chithunzi ndi dzina la katunduyo likanawavuta chiyani?

Miuni ndiyo yoopsa zenizeni, ngakhale apolisi a pakhomo saiyang'ana kawiri ikakhala yozima. Yangayi ili ndi mtengo mkati, chitsulo cha aluminiyamu kunja, ndi nsalu yosapsa msanga ya Kevlar kumutu yomwe imamwa mafuta. Nsaluyo yapirira bwino. Patatha chaka yangoda ndi kunyenyeka pang'ono m'mbali, makamaka chifukwa ndimazimitsa mafuta asanatheretu, popeza ukasiya moto uzime wokha umayamba kudya nsaluyo. Mafuta ake ndi palafini. Petulo ayi, ngakhale pang'ono: nthunzi yake imayaka ngakhale kuzizire kufika pa madigiri 40 kunsi kwa ziro, pomwe palafini amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 38 kuti nthunzi yake igwire moto. Ukaviika muuni uyenera kuukutumula kaye mafuta otsalira usanayatse, apo ayi timadontho ta moto timaulukira kwa owonerera. Zovala zikhale za thonje, chifukwa za nayiloni zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Pambali pazikhala thaulo lonyowa, chozimitsira moto, ndi munthu amene ntchito yake n'kuyang'ana iwe basi. Cholakwika cha miuniyi n'chakuti chitsulo chapafupi ndi mutu chimatentha msanga. Chipsera chili pachala changa chamkombaphala chinachokera pamenepo, tsiku lina kukuwomba mphepo.

Chodabwitsa n'chakuti za moto zimayenda mosavuta pamapepala kusiyana ndi za mipeni. Makhonsolo ambiri amene amapereka chilolezo kwa osewera mumsewu amanena poyera ngati moto ndi wololedwa kapena ayi, ndipo akalola amafuna inshuwalansi yolipira munthu amene angavulale. Ku Melbourne, mzinda wa ku Australia, wofuna kusewera ndi zinthu zoopsa amayamba waonetsa kaye kuti amadziwa kuteteza anthu asanapatsidwe chilolezo. M'madera ena a London omwe ali pansi pa khonsolo ya Westminster, kuyambira 2021 pamafunika laisensi kuti usewere n'komwe. Koma chilolezo chimakuteteza pamalo osewerera pokha. M'basi, m'sitima ndi panjira, mpeni uja umangokhala mpeni m'chikwama cha munthu wosadziwika. Pandege ndiye mipeni imapita m'katundu wapansi, ndipo muuni wonunkha palafini akhoza kuukana ngakhale komweko.

Kwa wongoyamba kumene ndinganene kuti agule miuni pokhapokha atatha kuponya zibonga zitatu maulendo 100 osagwetsa, ndiponso ali ndi mnzake womuyang'anira. Mipeni ndingaigulenso mawa lomwe, chifukwa ndiyo imadzaza chipewa choponyamo ndalama masana pomwe moto suoneka. Kungoti tsopano imayenda yokulungidwa m'nsalu, m'chikwama chokiya, pansi pa mipira ndi zibonga. Pamwamba penipeni pamakhala chilolezo, pepala la inshuwalansi, lisiti ya sitolo ija ndi chithunzi changa ndikusewera. Wapolisi akati tsegulani, ndimayamba ndamuuza zomwe akumane nazo mkatimo, manja anga ali kumbuyo.