Makadi a inki kapena mafunso achindunji: poyesa mayi amene akuganiza zodzipha

Anzanga amene timapereka nawo uphungu kuno ku Mangochi akhala akundifunsa ngati makadi a Rorschach (a madontho a inki amene munthu amanena zimene akuonamo) ndi a TAT (a zithunzi zopekerapo nkhani) angatithandize kuzindikira mayi wodwala matenda okhumudwa amene akulingalira zodzipha, kusiyana ndi mafunso ofufuzira mavuto a maganizo a SRQ-20 ndi EPDS amene tinawazolowera kusikelo.

Chimene chimakopa pa makadiwa n'chomveka. Kwa zaka zambiri malamulo a dziko lino akhala akutenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndipo mayi woopa apolisi, achibale ndi atsogoleri a chipembedzo sangaulule msanga. Hermann Rorschach anatulutsa makadi ake khumi a madontho a inki mu 1921, pomwe TAT, ya Henry Murray ndi Christiana Morgan, imamupempha munthu kupeka nkhani pa chithunzi, poyembekezera kuti zobisika mumtima zituluka zokha.

Chimene chinandipweteka ndi mtengo umene ogulitsa maphunziro a makadiwa sanautchule. Ndinalipira maphunzirowo, kenaka n'kuuzidwa kuti makadi enieni, buku lowerengera mayankho ndi katswiri woyang'anira ntchito yanga, zonsezo n'zolipira padera. Kuyesa mayi mmodzi kumatha pafupifupi ola lathunthu, ndipo kuwerengera mayankho ake kumafunanso nthawi ina, pamene pabenchi padikirira amayi ena ochokera ku Makanjira ndi ku Namwera. Njira ya John Exner yowerengera mayankho a makadi a Rorschach ili ndi zizindikiro 12 zolozera ngozi yodzipha, ndipo munthu amakayikiridwa zikakwana 8, koma muyezowo unapangidwa pa anthu a ku America. Kuwerengerako kumadalira mawu enieni amene wodwala wanena, choncho mayi akayankha m'Chiyao wina n'kumasulira, zimene zalembedwa zimakhala za womasulira. Mayi akaona mfiti kapena chilombo m'madonthowo, ndani angatsimikize kuti ndi matenda osati zimene anakula akumva? Zithunzi zambiri za TAT nazonso ndi za azungu a zaka za m'ma 1930.

SRQ-20 ya bungwe la WHO ili ndi mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi, ndipo limodzi limafunsa mosazungulira ngati munthu waganizapo zothetsa moyo wake. EPDS, ya mu 1987, ili ndi mafunso khumi, lomaliza n'lokhudza kudzivulaza. Zonse ziwiri zinamasuliridwa m'Chichewa ndi kuyesedwa pa amayi a ku Malawi, ndipo namwino amamaliza pa mphindi zochepa. Kufooka kwake n'kwakuti mayi angathe kungokana, makamaka apongozi ake akakhala pafupi, n'chifukwa chake ndimawapempha kuti ayambe adikira panja.

Ine ndili kumbali ya mafunso achindunji, chifukwa kufunsa za kudzipha sikumuika munthu maganizowo. Mayi akavomera, timafunsa ngati wakonza njira, ngati kunyumba kuli mankhwala a mbewu, ngati anayesapo kale ndiponso ngati akuchitiridwa nkhanza, kenaka timaitana wachibale amene iye wasankha ndi kumutumiza kwa a zamaganizo pachipatala cha boma tsiku lomwelo, kapena ku Zomba Mental Hospital zikavuta.