Tinapita ndi bambo pa chikuku kukaona nyama ku Thyolo

Bambo anga anakalambira ku esiteti ya tiyi, akuyenda m'mizere kuyambira m'bandakucha. Chiwagwirireni sitiroko amayendera chikuku, ndipo ulendo umene amaudziwa tsopano ndi wa kuchipatala basi. Ndiye ana atayamba kundivutitsa patchuthi kuti akufuna kukaona kadyansonga, ndinati agogo awo sitiwasiya pakhonde.

Tinanyamuka ku Luchenza Loweruka m'mawa, ine, achimwene, ana awiri ndi bambo, chikuku titachipinda kumbuyo kwa galimoto. Malowo ndi amodzi mwa osungirako nyama m'boma la Thyolo lomweli. Dzina sinditchula, chifukwa zomwe tinapezako n'zofala.

Vuto linayambira poimika galimoto. Anathirapo miyala ya kwale, yooneka bwino ndithu, koma timatayala takutsogolo ta chikuku timangotitimira. Achimwene anachita kuchipendeketsa n'kumachikoka chafutambuyo, bambo akuyang'ana kumwamba. Polowera pali masitepe atatu, pambali pake kanjira kotsetsereka ka simenti. Kanjirako n'kongokwaniritsa mwambo. Odziwa zomanga amati pokwera sentimita imodzi pamafunika masentimita 12 a kutalika, koma aka kanachita kuima ngati chulu. Munthu woyendetsa yekha chikuku sangakwere, ndipo potsika mukapanda kugwiritsa mungamugwetse chamutu.

Antchito ake ndiwayamikire. Galimoto yawo yoonetsera nyama ndi yaitali, yokwera ndi makwerero, ndipo mnyamata wotiperekeza atangoona bambo sanachedwe. Anagwada pambali pa chikuku n'kunena kuti, "Bambo, musadandaule, ndikwera yanu yomweyi, nyama muziona zonse." Analankhula ndi iwo eni ake, osati ndi ine. Amene mumasamala odwala mukudziwa kuti zimenezi n'zosowa. Anthu ambiri amafunsa wokankha ngati kuti wokhala pa chikukuyo samva.

Mbidzi tinazipeza zikudya m'mbali mwa msewu, nyumbu zili chapatali. Kenako kadyansonga anatulukira kuseri kwa mitengo, pafupi moti tinkamva akuthyola masamba. Bambo anatsitsa galasi ndi dzanja lawo lomwe limagwira lija, n'kukhala duu. Mwana wanga wamng'ono anawagwedeza, "Agogo, mwamuona?" Iwo anangoti, "Ndamuona, mwanawe. Zaka zonsezi ali pakhomo pomwepa." Ine misozi inalengeza.

Chomwe chinaononga tsikuli ndi chimbudzi. Titadya nkhomaliro pakapinga, bambo ananong'oneza achimwene. Chimbudzi n'chaukhondo, madzi alipo, koma chitseko n'chopapatiza, chikuku sichinalowe. Mkati mulibe chitsulo chogwirira. Achimwene anawanyamula m'manja, mlonda akugwira chitseko, anthu amene ankadya akuona. Munthu amene anatilera, amene anali kapitawo wa anthu ambirimbiri, kunyamulidwa ngati khanda pagulu. Atatuluka sanayang'anenso munthu kumaso. Anangoti, "Tiyeni tizipita."

Izi zimandiwawa chifukwa si nkhani yachilendo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 10 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali. Lamulo loti anthu aulumali azitha kulowa m'malo ofikamo anthu linabwera mu 2012, ndipo a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, akhala akulankhula mpaka mawu kusasa. Malo amene akwanitsa kusamala kadyansonga angalephere kukuza chitseko chimodzi?

Ngati mukufuna kupita ndi wanu wa pa chikuku, pitani, nyama adzaziona. Koma sankhani nyengo yopanda mvula, chifukwa dothi lofiira la kuno likanyowa chikuku sichiyenda. Tengani munthu wamphamvu, ndipo imbani foni kaye mufunse za chimbudzi, muwauze ayeze chitseko ndi tepi. Ine ndisanachoke ndinakumana ndi bwana wa pamalopo, ndinamutengera pachitseko paja n'kumuonetsa pomwe tayala linagunda.