Chithunzi chakale cha Beni: m'galasi kapena pa kanivasi?

Chithunzi cha ovina Beni kapena Manganje mungachisindikize papepala n'kuchiika mu felemu ya galasi, kapena pa kanivasi wokokedwa pa timatabwa.

Mtengo: pa A4 kapena A3 pepala n'lotchipirapo, kanivasi amadula.
Maonekedwe: pepala limaonetsa bwino mabatani a yunifolomu ndi zikhomo za ng'oma, kanivasi amabisako kufwifwa kwa chithunzi.
Kulimba: kuno ku Mangochi mdani ndi chinyezi. Pepala likagunda galasi limamatirira n'kuchita nkhungu, choncho ikani katoni m'mphepete kuti zisakhudzane. Kanivasi sasweka, koma amakola fumbi ndipo chiswe chimadya timatabwa take.

Zonsezi zimasuluka padzuwa.

Galasi likuyenera pabalaza, kanivasi pamakoma aakulu a malo ogona alendo. Pachikani kope la chithunzicho, chenichenicho chisungeni pouma.