Uphungu wa pa foni: mmene ndikuuonera tsopano

Ndinayamba kulankhula ndi mlangizi kudzera pa intaneti nkhawa itandifika pakhosi. Ndinkasowa tulo, ndipo mwezi ukamatha, foni ikangolira mtima unkangoti phaa, poganiza kuti kumudzi kwagwanso vuto lofuna ndalama. Papita miyezi yambiri tsopano, moti ndingathe kunenapo zoona zake.

Poyamba ndinalembetsa pa pulogalamu ina yakunja, yomwe umalipira pamwezi iwo n'kukupezera mlangizi. Anandipatsa mayi wina wa ku America, munthu wodekha ndiponso womvetsera. Koma sizinapite patali. Nthawi yathu ili patsogolo pa ya ku New York ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo, choncho mpata wake unkapezeka kuno kutada, ine nditatopa kale. Malipiro anali a madola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha madola chimaluma. Chachikulu koposa n'chakuti mayiyo sankaumvetsa moyo wathu. Nditafotokoza za fizi ya ana a mlongo wanga, anandilangiza kuti ndiphunzire kukana, poti ana amenewo si udindo wanga. Kwa ife Achewa zimenezo n'zosamveka. Ine ndine malume wawo, mwini mbumba. Ndikakana ine, apite kwa yani?

Ndinasintha n'kupeza mlangizi wa konkuno. Timakumana pa WhatsApp kwa mphindi 50, ndipo ndimalipira pafoni pomwepo. Iwo sanataye nthawi kundifunsa chifukwa chake ndimathandiza abale. Tinayambira pa funso lina: kodi pa zonse zimene ndasenzazi, zanga zenizeni ndi ziti, nanga zimene ndangodzisenzetsa poopa kunenedwa ndi ziti?

Njira imene amagwiritsa ntchito ndi CBT, uphungu wothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi kachitidwe kake, yomwe anaiyambitsa dokotala wa ku America, Aaron Beck, m'zaka za m'ma 1960. Mfundo yake n'njakuti chimene chimatizunza kwambiri ndi zimene timadziuza chinthu chikachitika. Ndiye amakupatsa ntchito yokachita kunyumba. Nkhawa ikabwera umalemba m'kope chimene chachitika, ganizo limene lakubwerera, mphamvu ya mantha ako kuyambira 0 mpaka 100, kenako umboni woti ganizolo n'loona ndi umboni wolitsutsa. Masabata oyamba ndinkaona ngati zachibwana. Koma nditawerenga tsamba ndi tsamba ndinapeza kuti ganizo langa linali limodzi lomwelo lovala malaya osiyanasiyana: ndikalephera kamodzi, onse anditaya. Kunena mosabisa, kope limeneli landithandiza kuposa kucheza kwa pa vidiyoko. Amene akufuna kungokhuthula zakukhosi osagwira ntchito ya pakati pa sabata, ndalama zake zipita pachabe.

Amandiyezanso ndi mafunso 7 otchedwa GAD-7, ofunsa mmene wakhalira m'masabata awiri apitawo. Mapointi ake amayambira 0 kulekeza 21, ndipo kuyambira 15 ndiye nkhawa yaikulu. Ine ndinayambira pamwamba pa 15. Pano ndimakhala pansi pa 10, ngakhale mu Januwale, mwezi wa fizi ndi njala, anakweranso.

Zovuta zilipo ndithu. Chachikulu si netiweki ayi, koma malo. Nyumba zathu zilibe chinsinsi. Ukatseka chitseko ana amagogoda, ndipo mlendo wa pabalaza amamva zonse. Ine ndimatsalira ku ofesi anzanga akaweruka. Netiweki nayo imadula pamene wayamba kunena chinthu chimene wakhala ukuchibisa, ndipo ikabwerera mtima woti unene uja wapita. Magetsi akazima timasiya vidiyo n'kumangolankhula, zomwe zimapulumutsanso bandulo. Chodabwitsa, zinthu zolemera kwambiri ndazinena pa nthawi zoterozo, pamene sitikuonana nkhope.

Tsiku loyamba lomwe alangizi anga ananena poyera malire awo. Sapereka mankhwala, ndipo munthu amene akuganiza zodzipha sayenera kudikira tsiku lokumana pa foni. Ameneyo apite kuchipatala chapafupi msanga, kapena ku Zomba Mental Hospital, kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Anatenganso nambala ya m'bale wanga mmodzi kuti pakavuta amuimbire. Mlangizi amene sanena zimenezi, kapena amene akuzemba mukamufunsa kumene anaphunzira, ine sindingamupatse ndalama zanga, poti pa intaneti aliyense angathe kudzitcha mlangizi.

Tinayamba ndi kukumana sabata iliyonse, pano ndi kamodzi pamwezi. Fizi ndikulipirabe, koma ndinakhala pansi ndi mlongo wanga ndi achimwene athu aakulu n'kugawana matemu, nkhani imene kale sindikanaiyamba n'komwe. Tagwirizana ndi alangizi kuti tipitirize mpaka Januwale wina adutse, kenako tidzaone ngati kukumanaku kukufunikabe.