Passolig: khadi lolowera ku mpira wa ku Turkey, ubwino wake ndi pomwe limavuta

Mpira wa ku Turkey wakhala ukukwera kwa zaka zoposa 20. Galatasaray idatenga chikho cha UEFA mu 2000 itagonjetsa Arsenal pa mapenate ku Copenhagen, timu ya dziko la Turkey idathera pa nambala 3 pa World Cup ya 2002, ndipo pa Euro 2024 idafika mu makotafainolo ili ndi anyamata ngati Arda Güler ndi Kenan Yıldız. Kubwera kwa Victor Osimhen ku Galatasaray kwangowonjezera chilakolako cha alendo chofuna kukadzionera okha ku Istanbul. Koma wofika pachipata ndi ndalama m'manja, akuyembekeza kugula tikiti yapepala, amabwerera manja ali m'khosi. Masewero a ligi yaikulu, Süper Lig, ndi a ligi yachiwiri, 1. Lig, munthu amalowa ndi khadi lotchedwa Passolig.

Khadili lidayamba kugwira ntchito mu Epulo 2014, potsatira lamulo nambala 6222 la mu 2011 lolimbana ndi zipolowe m'masewero, ndipo amaliyendetsa ndi a Aktif Bank. Limakhala ndi dzina lanu, chithunzi chanu ndi nambala ya chiphaso chanu. Tikiti mukagula pa app kapena pa tsamba la Passo, pomwe amagulitsira matikitiwo, imalowa m'khadimo. Choncho mpando uliwonse m'bwalo uli ndi mwini wake wodziwika.

Kulembetsa sikovuta mukakhala ndi zonse pafupi: pasipoti, chithunzi cha nkhope yokha ngati cha pa chiphaso, nambala ya foni yolandira uthenga, ndi khadi la kubanki lolipirira pa intaneti. Pali ndalama ya pachaka yolipira mu lira, ndalama ya ku Turkey, ndipo imakwera kawirikawiri. Munthu aliyense amafunika lakelake. Mukapita anthu anayi, makhadinso anayi.

Pomwe pagona nkhani ndi posankha timu. Polembetsa mumafunsidwa chizindikiro cha kalabu chomwe chikhale pa khadi lanu, ndipo alendo ambiri amangodina timu yomwe amaimva dzina, poganiza kuti nchokongoletsa chabe. Ayi ndithu. Makalabu akuluakulu amagulitsa matikiti motsatira mzere: oyamba amakhala mamembala ndi ena omwe kalabu yawapatsa mwayi, kenako omwe khadi lawo lili ndi chizindikiro cha kalabuyo, ndipo ena onse amatola zotsala, ngati zatsala. Mabwalo ake ndi aakulu, Rams Park ya Galatasaray imalowa anthu oposa 50,000 ndipo ya Beşiktaş pafupi ndi nyumba yachifumu ya Dolmabahçe oposa 40,000, koma mipando yambiri imakhala idatengedwa kale ndi a matikiti a sizoni yonse, omwe kumeneko amawatcha kombine. Pa dabi ya Galatasaray ndi Fenerbahçe, wokhala ndi khadi la timu inayo asayembekeze kugula mpando wa eni bwalo. Ndiye yambani mwasankha masewero omwe mukufuna kuonera, khadi libwere pambuyo, ndipo likhale la timu yomwe ili pakhomo tsikulo. Ofuna kuzungulira mabwalo atatu a Istanbul pa ulendo umodzi ndi omwe dongosololi limawapanikiza kwambiri, ndipo apa Passolig ikulakwira mlendo amene wangobwera chifukwa chokonda mpira.

Zina zomwe zimavuta nzazing'ono koma zimadya nthawi. Chithunzi chamdima, chovala chipewa kapena chojambulidwa cham'mbali chimakanidwa, chifukwa ndi chomwe alonda amachiona pa sikirini mukamadutsa pachipata. Dzina lilembedwe ndendende monga lilili mu pasipoti. Uthenga wa nambala yotsimikizira nthawi zina umachedwa kufika pa manambala a kunja, ndipo mabanki ena amatsekereza malipiro opita ku Turkey mpaka mwini khadi atawadziwitsa. Zonsezi zimatheka kukonza, koma osati m'mawa wa tsiku la mpira. Lembetsani kukadali masabata awiri kapena atatu. Matikiti okha amatuluka kutatsala masiku ochepa, ndipo makalabu amalengeza tsiku ndi ola pa masamba awo. Pa masewero akuluakulu khalani mutatsegula kale app ola lisanakwane.

Kumbali yabwino, pachipata zinthu zimayenda. Mumaonetsa khadi kapena QR code ya pa foni, makina amawerenga, chithunzi chimaoneka, mwalowa. Tikiti yapepala yabodza palibenso. Muthanso kutumiza tikiti kwa mnzanu amene ali ndi Passolig kudzera pa app, ngakhale makalabu amaika malire pa masewero ena. Mavenda a matikiti sadatheretu, adangosamukira pa intaneti. Wina akakuuzani kuti mulowe ndi khadi la munthu wina, kanani, chifukwa nkhope ikasiyana ndi chithunzi mumabwezedwa ndalama zitapita kale. Foni ikhale yodzaza moto, ndipo tsegulani tikitiyo musanalowe m'chikhamu, poti netiweki imalemera anthu akachuluka. Ndalama zachitsulo ndi malaita amalanda pofufuza, kuopa kuti zingaponyedwe m'bwalo.

Chimene chimagawanitsa anthu ndi chilango. Komiti ya mwambo ya TFF, bungwe loyendetsa mpira m'dzikolo, ikapeza kuti chigawo china cha bwalo chimaimba zotukwana, imatseka makhadi a onse omwe adalowa m'chigawocho kuti asalowe masewero otsatira. Nzabwinoko kusiyana ndi kutseka bwalo lonse, komabe wosalakwa amene adangokhala phee pampando wake amalangidwira limodzi. Magulu a masapota adanyanyala khadili litangoyamba, podandaula kuti akukakamizidwa kukhala makasitomala a banki ndi kupereka mbiri yawo, ndipo mabwalo ambiri adaoneka opanda anthu mu sizoni ya 2014-15. Dandaulo limenelo linali lomveka, ndipo mpaka lero lili ndi mutu.

Kwa munthu wokhala ku Turkey amene amachemerera timu imodzi, Passolig ndi yothandiza: amalembetsa kamodzi, zotsala nzapafoni. Kwa mlendo ndi chipata chopapatiza, ndipo dziko lomwe lidzachititse Euro 2032 limodzi ndi Italy likuyenera kuchikulitsa. Ngati dabi yakukanikani, yang'anani masewero a Galatasaray, Fenerbahçe kapena Beşiktaş ndi timu yapakati pa ligi: matikiti amapezeka mosavutirapo, ndipo kuimba kumayamba mpira usanayambe mpaka wezulo yomaliza.