Mbaula ya dongo mkati yomwe ndinagula pa Lizulu: yophikira inde, yowothera ayi

Ndaigwiritsa ntchito kuyambira Meyi mbaula ija ya chitsulo kunja dongo mkati, ndinaigula pa Lizulu tsiku lomwe ndinkakagula kachewere ndi kabichi. Kumbali yophika ndilibe nayo mawu, nyemba zikumapsa ndi makala ochepa poyerekeza ndi mbaula yathu yakale ya chitsulo chokhachokha ija, thumba likukhalitsako ndithu.

Koma anzanga a kuno ku Dedza mukudziwa mmene Juni ndi Julayi amachitira, madzulo aliyense amafuna kukhala pafupi ndi moto, ndiye apa mpomwe yatikhumudwitsako, ana akuti moto wake sukumveka m'miyendo ndipo sakunama ayi. Kutentha komwe timamva tikamawotha sikubwera ndi mpweya, mpweya wotenthawo umangokwera kumwamba. Komwe kumatimenya pankhope ndi radiation, kumayenda molunjika ngati kuwala, nchifukwa chake munthu akangoima pakati pa iwe ndi moto chisanu chimabwerera pompo. Mbaula yachitsulo imatentha mbali zonse nkumamwaza kutenthako kwa aliyense, pamene iyi dongo lija limatchinga kutenthako nkukukankhira ku poto. Makala akupulumukira pomwepo, miyendo yathu ikuzizidwiranso pomwepo.

Amene munakonda fizikisi mukukumbukira lamulo la Stefan ndi Boltzmann, Josef Stefan analipeza mu 1879, loti radiation imakwera molingana ndi T×T×T×T, T kukhala kutentha kwa chinthucho mu Kelvin (madigiri a °C kuphatikiza 273). Tiyerekeze makala ali pa 600°C, mwapemerera afika 800°C, radiation yake ndiye kuti yaposa kawiri ngakhale kuti madigiri angokwera ndi 200 basi. Ineyo ndikayika manja pamwamba pake makala atafiira bwino sinditha kupirira ngakhale pang'ono, koma m'mbalimu ndi kofunda chabe. Mtunda nawonso umadya, pa moto waung'ono chonchi ukasuntha kuchoka pa mita 1 kufika pa mamita 2 umangotsala ndi pafupifupi kota.

Dongo lachita kamng'alu kakang'ono nditathirapo madzi lili lotentha, musamatero chonde. Ndipo kaya kuzizire bwanji musalowe nayo kuchipinda mutatseka mawindo, mpweya wa makala sununkha koma umapha anthu ali mtulo.

Ndingaigulenso mosakayika, kungoti yakale ija sindinaitaye, tikumaitulutsa pakhonde tikatha kudya nsima.